Lole ya asilikali imene ndinapanga yawaliritsa apongozi

Aphungu,

Ndine mnyamata wa kuno ku Mwanza, ndimapenta magalimoto pa galaja ina pa boma. Ntchito imeneyo ndiyo imandidyetsa, koma mtima wanga uli pa china. Ndimapanga timagalimoto ta asilikali: malole, akasinja, majipi, tating'ono toti mutha kunyamula m'manja. Musaganize za magalimoto a mawaya amene ana amathamanga nawo mumsewu. Tanga sitiyenda. Timakhala pa shelefu pabalaza, ndipo munthu akatiyang'ana amaiwala kuti ndi zitini.

Kudula chitini cha mafuta ophikira ndi kusema matayala pa patapata wakutha, aliyense angathe. Luso lili pa kuikalambitsa galimotoyo. Poyamba ndimapaka penti wa mtundu wa dzimbiri. Akauma ndimawaza mchere wonyowa pang'ono m'zitseko ndi m'makona, kenako ndimapopera wobiriwira pamwamba. Ndikadzachotsa mcherewo ndi mswachi wakale, penti amaoneka ngati wamatuka yekha ndi ukalamba. Ndikatero ndimasungunula penti wakuda ndi parafini mpaka akhale ngati tiyi wopanda mkaka, n'kumusiya ayenderere m'mizere. Mwaye wa ku ekizozi ndi fumbi la makala a kwa Nthache. Poponda asilikali pokwera ndimakwechapo ndi pensulo kuti chitsulo chiwale. Koma chimene ndimanyadira koposa ndi matope. Ndi dothi lofiira lenileni la mumsewu wa ku Thambani, ndimalisefa pa nsalu n'kusakaniza ndi guluu wa matabwa. Palibe anandiphunzitsa. Ndinaononga timagalimoto tambiri ndisanazindikire kuti matope sakwera mofanana mbali zonse. Abwana anga amaseka, amati: “Iwe sabata yonse ukuchotsa dzimbiri, Lamulungu ukuliikanso!”

Yopambana zonse ndi lole ina ya tenti. Nsalu yake ndinainyika m'masamba a tiyi, galasi lake lakutsogolo n'losweka kumanzere. Mayi wina wokonza chionetsero cha zaluso ku Blantyre ataona chithunzi chake pa foni anafunsa kuti ndinachijambula ku kampu iti. Wandiitana mwezi wamawa.

Vuto langa nali. Ndili pa chibwenzi ndi Deliwe wa kwa Kanduku, ndipo akwathu ndi akwawo anayamba kale kukambirana za chinkhoswe. Loweruka lina anabwera ku msika ndi mayi ake, a Rozina. Mvula inawagwira pafupi ndi nyumba imene ndimachita lendi, Deliwe n'kuwalowetsa kuti ause. Ine mwaulemu ndinatuluka n'kukaima pakhonde, koma chitseko chinali chotsekula. Ndinawaona mayiwo ataima pa shelefu paja. Mumtima ndinati eya, aone kuti mwana wawo akutengedwa ndi munthu wa manja.

Anaima nthawi yaitali. Kenako ndinamva akumufunsa Deliwe motsitsa mawu: “Anawauza ndani kuti galasi lake linali losweka mbali iyi?”

Deliwe anati: “Amayi, ndi chidole chabe.”

Iwo anati: “Chidole chimakhala ndi matope a kwathu?”

Anakhala pansi pa simenti n'kudziphimba kumaso ndi chitenje. Sanalire mokweza, koma mapewa ankagwedezeka. Mvula isanakate anadzuka n'kumapita osatsanzika.

Pambuyo pake Deliwe anandiuza zimene iyenso amangozidziwa patalipatali. Mayi ake anabadwira ku Mozambique, cha kuseri kwa Zobue. Nthawi ya nkhondo, iwo ali mtsikana, lole ya anthu amfuti inaima m'mudzi mwawo n'kukweza anyamata. Mlongo wawo wamkulu anali m'gulumo, ndipo sanabwerenso. Iwo anathawira kuno, kukulira kuno, kukwatiwa kuno. Aphungu, za galasizo ine ndinangopeka. Ndinalikanda ndi lezala chifukwa ndinaona kuti likhala bwino.

Tsopano Deliwe akuti: “Muzipake penti wachikasu zioneke ngati zidole, apo ayi muzitaye. M'nyumba imene amayi anga azidzalowa simukhala nkhondo.” Amalume anga a Jailosi, amene ndi nkhoswe yanga, anapita kwa Kanduku ndipo anabwera ndi mawu akuti tidikire kaye. Iwonso akuti: “Mphwanga, banja likukanike chifukwa cha zitini? Taya!”

Ndisakubisireni. Chisoni ndili nacho, mayiwa sanandilakwirepo kanthu. Koma kunsi kwa chisonicho kuli kunyada kumene kukukana kuzima. Munthu amene anaiona lole yeniyeni ndi maso ake anaizindikira yanga! Kodi ndine woipa mtima? Deliwe ndimamukonda, koma kupaka chikasu pa ntchito imeneyi kuli ngati kudzidula chala. Nditani?

S.K., Mwanza

A S.K.,

Simuli woipa mtima. Ndinu mmisiri, ndipo mmisiri wosanyadira ntchito yake ndi uja amakhoma mipando yogwedera. Munthu wodziphunzitsa yekha mpaka kusokoneza maso a anthu a ku Blantyre ali ndi chifukwa chonyadira. Penti wachikasuyo musamugule.

Koma pali pamene mwaphonya. Misozi ya a Rozina si mphotho yanu. Tsiku lija iwo sanaone luso lanu ayi, anaona mlongo wawo akukwezedwa m'lole. Zoyamikira mukazimve kuchionetsero. Kwa Kanduku kukufunika mtima wina.

Yambani ndi Deliwe. Mawu akuti “muzitaye” ndi a mwana amene waona mayi ake atakhala pansi pa simenti m'nyumba ya eni. Musalimbane naye za penti. Mufunseni kuti mayi ali bwanji, ndipo mumvetsere mpaka amalize. Mukatero ndiye mumuuze modekha chimene ntchitoyi ili kwa inu. Ndikukayika ngati anakuonanipo mukuigwira. Tsiku lina mtima wake ukakhala pansi, mupatseni mswachi uja achotse yekha mchere pa chitseko chimodzi, aone chimene chimatuluka.

Loleyo ndi zinzake zichoke pabalaza lero lomwe. Pemphani kakona ku galaja, kapena khomani kabati yotseka. Apa Deliwe sakulakwa. Pabalaza pamalowa aliyense, ndipo kwanuko kumalire a Rozina si okhawo amene anathawa nkhondo ija. Kuchionetsero munthu amapita akudziwa chimene akukaona. Iwo anangolowa kuti ause mvula.

Amalume anu abwererenso kwa Kanduku, koma muwauze bwino zokanena, chifukwa ndikuona kuti iwonso ntchito yanuyi sakuiwerengera. Akanene kuti mnyamata sankadziwa, wamva chisoni, ndipo zinthuzo wazichotsa pamaso pa anthu. Basi. Asakalonjeze kuti mwasiya. Nkhani ya komwe muzidzagwirira ntchitoyi mukalowa m'banja, makamaka ngati mudzamange kwawo kwa mkazi, ithe chinkhoswe chisanachitike, ankhoswe a mbali zonse akumva.

Ku Blantyre pitani, ndipo loleyo muitenge. Koma nkhani ya mayiwa musakaitchule, ngakhale lilime litayabwa bwanji anthu akamakuyamikirani. Ndi yawo, si yokometsera malonda anu. Musawatumirenso Deliwe kukafunsa kuti tenti inali ya mtundu wanji. Akadzafuna kuyankhula adzayamba okha. Akapanda kutero, asiyeni.

Chinanso, manja oterewa asamangodziwa nkhondo yokha. Mapikapu a matola amene amadutsa pa galaja panupo ali ndi ukalamba wokwanira kukutangwanitsani chaka chonse, ndipo amenewo angakhale pabalaza popanda woliritsidwa.

Ndikuchenjezeni chimodzi. Anzanu ena akuuzani kuti mungolongedza zonse m'katoni, mukankhire kunsi kwa bedi, n'kunena kuti mwataya kuti chinkhoswe chidutse. Musayerekeze. Deliwe adzaipeza katoniyo tsiku lina akusesa, ndipo nkhani sidzakhalanso ya mayi ake. Idzakhala yakuti anakwatiwa ndi munthu wabodza. Mukadzandilembera za zimenezo, sindidzakhala ndi chokuuzani.

Aphungu