Malata, Chitedze ndi Apongozi Anga

Mudzi wa Kambewa,
Mkaika, Katete.
16 Seputembala 2024

Okondedwa alongo anga a Bridget,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitwe kumeneko pamodzi ndi alamu. Ife kuno tilipo, kupatula miyendo yangayi imene yandikana, moti kalatayi ndikulemba nditatambalala pa mphasa ngati mayi wachikuta.

Ndamva kuti kanema uja wakupezani pa foni ndipo munaseka mpaka kutaya tiyi. Zikomo kwambiri. Koma wojambulayo anayambira pakati, ndiye mumve kwa mwiniwake, chifukwa mlongo wanu sanapenge ayi.

Mukuikumbukira nyumba ija amayi a kuno anamanga pa kiliniki, yoti apakati azidikiriramo tsiku lawo? Njerwa anaumba okha, koma yatha zaka ziwiri ilibe denga, mbuzi ndizo zimagonamo. Tsiku lina ku Katete, mu shopu ya a Evaristo ogulitsa malata, pakamwa panga panandipachika. Ndinati ku Lusaka anthu amathamanga makilomita 42 kusonkhetsa thandizo, nanga ife tilibe miyendo? A Evaristo anandiyang'ana pamimba, nati, "Inu a Enock, mukachoka pa Sinda n'kufika pa kiliniki ndi mapazi anu isanakwane thwelofu koloko, malata onse ndipereka ine. Mukachedwa ndi miniti imodzi, iwalani." Shopu yonse inamva. Ndikanabweza bwanji mawu?

Miyezi itatu ndakhala ndikukonzekera, ndipo ndaona zakuda. Kuno munthu wamkulu sathamanga chabe. Tsiku loyamba amuna anayi ananditsatira ndi zibonga, akufunsa kuti wakubayo walowera kuti. Lachiwiri mayi wina anandiimitsa atayamba kale kulira, ati wamwalira ndani. Anthu atazolowera anayamba kulonjeza: uyu chitini cha nsawa, uyo misomali yochokera kwa mbale wake ku Vubwi, a Elias akalipentala mitengo ya denga. Koma onse mawu anali amodzi, akuti mukamaliza.

Loweruka ndinanyamuka pa Sinda dzuwa likungotuluka, a Elias ali pambuyo ndi njinga ndi chigubu cha madzi. Za m'njira sindinena zambiri. Minibasi iliyonse inkaima, kondakitala akukuwa, "Kwerani mdala, mufa!" Pofika pa Katete ndinali nditalapa machimo anga onse, ndi ena oti sindinachite ine.

Ndinaiona kiliniki kutatsala mphindi khumi. Anthu mbwee, nthungululu, amayi atalumikiza zitenje kupingasa msewu kuti ndidzadutsepo. Mbali ina anagwira anamwino. Mbali inayo, alongo, anagwira apongozi anga, amayi ake a mkazi wanga Lydia, poti ndiwo apampando a komiti ya nyumbayo. Palibe amene anaziganizira zimenezi.

Inu mwakhalitsa m'tauni, mwina mwaiwala. Zaka zisanu ndi zinayi chikwatirire pamudzi pano, sindinawayang'anepo kumaso mayi amenewa, ngakhale kuwayankhula. Tikakumana pa njira ine ndimapatukira kutchire, iwonso kwawo. Ndiye miyendo inangochita zimene inazolowera. Mutu usanaganize, ndinali kale m'tchire. Ndipo tchire lake linali la chitedze.

Mayo ine! Apo m'pamene kanema wanuyo akuyambira. Zimene mukuona ngati ndikuvina Nyau zija, ndinali kukanda.

Anamwino anapempha apongozi kuti apatse wina chitenjecho. Anakana. Ati, "Njerwa izi ndinaponda dothi lake ndine, lero ndichoke chifukwa cha mkamwini?" Kenaka anatembenukira ku mtengo wa mango n'kuyamba kuyankhula nawo, monga timachitira. "Iwe mtengo, uwauze bambo a Taonga kuti malata akupita."

Ine ndili m'tchire ndinayankha, "Mtengo, uwauze amayi kuti asunthe pang'ono."

"Mtengo, uwauze kuti sindisuntha."

A Evaristo anali atakweza wotchi m'mwamba, mano onse pamtunda, akulengeza kuti kwatsala mphindi zitatu. Ndikuuzeni zoona, alongo, ndinalira. Makilomita onsewo, n'kudzagonja pa mtunda woti nkhuku ikhoza kuuluka!

Ndinangomva masamba tswatswa. Pokweza maso, apongozi ali chilili patsogolo panga, m'chitedze momwemo, akundiyang'ana m'maso. Anati, "Enock." Dzina langa lenileni, pakamwa pawo! "Mwana wanga Stella anafera m'ngolo pa msewu uno akupita kukachira. Sindikwiriranso wina chifukwa cha manyazi. Dzuka."

Anandigwira pamkono n'kundikoka. Mayi aja ali ndi mphamvu, musawaone kuchepa. Tinadutsa pa chitenje tonse awiri, aliyense akukanda ndi dzanja lotsalalo, kutatsala miniti imodzi. A Evaristo anayesa kunena kuti kukokedwa sikunali m'pangano, koma amayi a komiti atawazungulira anakumbukira okha kuti anati mapazi, ndipo mapazi anali anga. Malata abwera lero m'mawa, a Elias ali padenga pamene ndikulemba pano.

Dzulo akuluakulu anati poti tayang'anana kale, papite nkhuku kuti zikhale m'malo mwake. Tinadya nkhukuyo mbale imodzi, ine ndi apongozi, ndipo tsopano ndife omasuka. Apa ndiye pagona vuto langa latsopano. Mayi aja anali atasunga mawu a zaka zisanu ndi zinayi. Chiyambire dzulo andiuza za nkhokwe yanga yopendama, za mmene ndimapalirira thonje, ndi za mbuzi ija ndinagulitsa motchipa mu 2017. Panopa ali pakhondepa akudikira ndimalize kulemba, ati sanafike pa za ukwati. Kuthawa sindingathe, miyendo ndi imeneyi.

Chonde munditumizireko mafuta othira m'mawondo, ndipo kanemayo musawaonetse alamu. Ngati aona kale, muwawerengere kalatayi.

Taonga akupereka moni, akuti nsapato zija zamuthina. Apongozi akuti ndikupatseni moni, ndipo andiuza okha, osadzera ku mtengo. Lydia akupereka moni wambiri, pamodzi ndi wina amene simunamuone, nafenso sitinamuone. Tikumuyembekezera mu Januwale, mvula ili pakati, mtsinje uja wa pa njira ya ku kiliniki utadzaza. Sindinauze munthu aliyense, ngakhale inu, chifukwa chiyambire Juni ndikangoona ngolo mtima umandichoka. Tsopano Lydia akadikirira pa kiliniki, pansi pa malata. Mudzabwere mudzamunyamule mwanayo.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Enock