Phulusa la Atate

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitweko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Nabvutika tili bwino, kungoti Atate miyendo ikuwavutabe.

Mwina mwamva kale kuti timu yathu yakwera ligi. Loweruka tinapambana ndi chigoli chimodzi, ndipo anyamata anawanyamula Atate m'mwamba, akuimba kuti mwayi wonse wachokera ku mizere imene iwo amalemba pabwalo ndi phulusa.

Koma ine mtima suli m'malo. Dzulo akochi anandiitanira pambali kumsika. Anati, "Mlongo, ligi yapamwamba salola bwalo lopanda mpanda. Tizikasewerera m'tauni, ndipo kumeneko mizere amalemba ndi penti. Mukawauze ndinu madalawo, ife tikuopa."

Achimwene, ndiyambira pati? Chimwalirireni Amayi, chimene chimawadzutsa Atate m'mawa ndi bwalo limeneli basi. Panopa akuyenda khomo ndi khomo kupempha phulusa, n'kumalisefa okha kuseri kwa nyumba. Matumba akwana kale atatu. Lero anandiuza kuti, "Iwe Tisa, chaka chamawa kukubwera matimu akuluakulu, mizere iyenera kuwala." Ine ndinangoti inde.

Chonde muwaimbire foni Lamlungu akaweruka kutchalitchi. Inu amakumverani, ndipo mumadziwa kuwafika pang'onopang'ono. Musachedwe, angamve kwa anthu am'njira.

Ambuye akusungeni nonse. Mpaka mutaimba, ine ndizingowapatsabe phulusa la pambaula yanga.

Ndine mlongo wanu,
Tisa