Galimoto ya Amalume Zakeyo

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ndine Lameki, mwana wanu uja munkati zovala zake zimatha sopo. Ndikadali pa ntchito yaumakanika ku loji, ndipo zikhadabo zanga zikadali zakuda. Ladutsa dzinja lachiwiri chikuikireni m'manda ku Msoro, ndipo nkhani zaunjikana moti lero ndati ndikhale pansi ndikuuzeni.

Mpongozi wanu Neliya anachira bwinobwino mu Malichi. Ndi mwana wamkazi, wonenepa, wolira mokweza, ndipo tamutcha dzina lanu. Thonje linachita bwino, mtedza nawonso tinakolola wokwanira. Koma chimanga cha kudimba njovu zinatithandiza kukolola. Zinabwera zitatu, n'kudutsa pa mpanda wa nsanza za tsabola ngati palibe kanthu. Masikauti oteteza nyama zakutchire anafika m'mawa, anaona mapazi, anatipepesa, n'kumapita. Sitinalire kwambiri. Paja munkati wolima m'chigwa muno amalima mizere itatu, wina wake, wina wa alendo, wina wa njovu.

Nkhani yaikulu ndi ya mwana wanu Esinati ndi galimoto ya alongo anu, amalume Zakeyo.

Dimba la Esinati lakula, Amayi. Tsopano amaperekera tomato, kabichi ndi anyezi ku maloji atatu. Vuto linali njinga. Akanyamuka mbandakucha ndi madengu, pofika ku loji yomaliza dzuwa limakhala litafotetsa masamba, ophika n'kumubweza nawo. Choncho anayamba kufunafuna galimoto yokhala ndi kumbuyo konyamulira katundu, yogwiritsidwapo kale ntchito. Amalume atamva anatumiza uthenga kuchokera kwa Jumbe kuti asavutike, agule yawo ija yoyera. Esinati anavomera asanaganize kawiri. Inu simunaione tsiku limenelo, koma ndi galimoto yomweyo inanyamula bokosi lanu kupita ku Msoro, ndipo iye ankaiona ngati wachibale.

Anabwera kwathu akumwetulira. "Achimwene, tipite mukangoiona mwamwambo chabe. Ya amalume ndiye tingaikayikire?"

Tinafika kwa Jumbe Loweruka cha m'ma eyiti koloko. Galimoto inali pansi pa mtengo wa msikidzi, yotsukidwa mpaka matayala. Amalume anatilandira atavala jekete, azakhali athu, akazi awo, akuyala mphasa. Popereka moni ndinatsamira boneti ngati munthu wotopa ndi ulendo. Inali yofunda, Amayi, pomwe dzuwa linali lisanafike pamthunzipo. Ndinayamba kukayika. Injini yodwala imaulula matenda ake m'mawa, ikamadzuka itazizira. Wogulitsa akayamba waitenthetsa ogula asanafike, kawirikawiri pali chimene sakufuna kuti chimveke. Nditatsegula boneti ndinapeza injini nayonso yotsukidwa, yopanda ngakhale dontho la oyilo kapena fumbi. Galimoto yoyenda m'misewu yathu ino siikhala choncho.

Ndinakumbukira mmene munkagulira mtsuko. Simunkasamala za maluwa ojambulidwa pakhosi pake. Munkaugogoda ndi chala, khutu lili pafupi, n'kunena kuti mtsuko amagula ndi khutu, maso amangoperekeza.

"Tailiza, mphwanga, uimve mmene ikuyimbira," anatero amalume.

Ndinati, "Amalume, tabwera kudzacheza. Tigona konkuno, ndidzailiza mawa."

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anaseka pang'ono n'kundipatsa makiyi. Ndinawaika m'thumba langa, ndipo madzulo ndinayala katoni pansi pa galimoto.

M'mawa kutangoyera ndinatuluka, Esinati ali pambuyo panga atafunda chitenje. Pakatoni panali madontho akuda pansi pa giyabokosi. Ndinasolola kachitsulo koyezera oyilo, oyilo wake ali mbee ngati wophikira, wothiridwa sabata yomweyo. Zimenezo sizinandiuze kanthu. Koma nditatembenuza chotsekera pothirira oyilo, kunsi kwake kunali phala loyera ngati chambiko. Ndinamuonetsa Esinati.

"Chimenechi n'chiyani?" anafunsa.

"Ndi madzi osakanikirana ndi oyilo. Zinthu ziwirizi zili ndi njira zake m'injini, siziyenera kukumana."

Mu rediyeta madzi anali otsika. Ndinadzaza, n'kusiya posatseka, poti injini inali yozizira. Nditapotokola kiyi, inazungulira nthawi yaitali isanalire, ndipo italira inkanjenjemera ngati munthu wamalungo. Kumbuyo kunatuluka utsi woyera. Utsi woyera wa m'mawa umatha msanga, koma uwu sunathe. Pakamwa pa rediyeta pankatuluka thovu, limodzilimodzi, ngati madzi ofuna kuwira, chonsecho injini isanatenthe n'komwe. Apo ndinadziwa kuti gasiketi, chija chimatseka pakati pa mutu wa injini ndi thupi lake, inapsa. Komabe ndinamvanso zabwino. Panalibe utsi wabuluu wa injini yodya oyilo, ndipo nditatchera khutu pansi sindinamve kugogoda kulikonse. Mtima wa injini unali wamoyo.

Amalume anatuluka akumanga mabatani a malaya. Ndinawapempha kuti tiyende nayo, ayendetse iwo. Anakana, akuti mwendo ukuwavuta. Ndinagwira chiwongolero ine, iwo pakati, Esinati kukhomo. Ndisananyamuke ndinakoka handibuleki, ndinalowetsa giya yachitatu, n'kumasula kilatchi pang'onopang'ono. Injini inazima pomwepo, kusonyeza kuti kilatchi ikugwira bwino. Tinalowa mumsewu wa ku Chipata. Ndinaona kuti ndikangolowetsa giya yachitatu, dzanja la amalume limabwera n'kukhala pandodo ya giya, ngati munthu wogwira phewa la mnzake.

"Amalume, tachotsani dzanja pang'ono."

"Likukusokoneza?"

"Ayi, ndikufuna ndiimve yokha."

Potsetsereka ndinachotsa phazi pa moto. Ndodo inadumpha yokha, phaa, giya n'kuchoka, galimoto n'kumangoyenderera. Ndinayesa katatu, katatu konse chimodzimodzi.

"Aaa, limenelo ndi khalidwe lake chabe," anatero amalume. "Zaka zonsezi ndimangoigwirira. Imafuna kugwiridwa basi."

Esinati sanaseke. Ankaganiza za madengu ake, ndi mtsetse wotere ali yekha.

Ndinaima pomwe amagulitsa nthochi, ndipo ndinamuuza Esinati kuti akatisankhire phava labwino, asafulumire. Amayi, ndakumanapo ndi mkango utagona pakhomo pa galaja, koma sindinachite mantha ngati a tsiku limenelo. Atate atamwalira, ndi amalume omwewa anatilera. Ndi iwo anandigwira dzanja kupita nane ku Chipata kukandipemphera malo pa galaja, akuvula chipewa pamaso pa munthu wamng'ono kwa iwo. Tsono nzeru zomwe anandipezera ndi zomwe zinali pafupi kuwachititsa manyazi. Ndinaganiza zongokhala chete, ndidzaikonze mwakachetechete ikadzafa. Koma ikanafa ili m'manja mwa Esinati, mwina pakati pa tchire, ndipo thukuta lake la zaka zisanu likanathera pomwepo. Munkatiuza kuti chilonda chobisa chimanunkha tsiku la alendo.

Ndinati, "Amalume, ndiyankhule ngati mphwanu kapena ngati makanika?"

Anayang'ana kutsogolo. "Yankhula ngati makanika. Ndinakutumiza kukaphunzira zomwezo."

Ndinawauza zonse, za boneti yofunda, za chambiko, za thovu, za giya. Sanandidule mawu. Nditamaliza anapukuta kumaso ndi chipewa.

"Za giyazo, Mulungu akuona, ndinaiwala kuti ndi matenda," anatero. "Koma za madzi ndimadziwa. Chiyambire Pasaka ndakhala ndikuthira m'mawa uliwonse. Wina pamsika anandiuza kuti sinthani oyilo, itsukeni, muilize ogula asanafike. Ndinadziuza kuti poti Lameki alipo, ikadzavuta adzaikonza. Ndinalakwa."

"Nanga mukuigulitsiranji, amalume? Gasiketi ndikanakukonzerani."



"Maso, mphwanga. Si mwendo ayi. Zinthu ndikuziona ngati zili mu utsi. Mwezi watha pafupi ndi sukulu ndinatsala pang'ono kugunda mayi wobereka mwana. Ndinamuona atakuwa kale. Chiyambire tsiku limenelo sindinaiyendetsenso, ndimangoiliza pabwalo. Azakhali ako sakudziwa. Ndinkafuna ichoke msanga, koma ipite kwa mwana wa mlongo wanga, ndizimva kulira kwake ikamadutsa."

Esinati atabwera ndi nthochi, ndinatsegula pakamwa kuti ndiwaphimbire, koma anandigwira bondo. Anamuuza okha, osachotsapo kanthu. Mukanamuona mwana wanu, Amayi. Anaika nthochi pamiyendo, misozi ili m'maso, n'kungoti, "Amalume, mukanangondiuza." Ulendo wonse wobwerera kwathu ku Mfuwe sanandiyankhule, ngati wolakwa ndine. Sabata yathunthu anakhala choncho. Neliya ankati ndimusiye, mkwiyo wa Esinati uli ngati wanu, umafuna kuupatsa mpando ukhale kaye.

Lachisanu lotsatira anafika ku galaja, njinga ili ndi madengu opanda kanthu.

"Achimwene, mundiuze zoona. Galimoto ija ingachire?"

"Ingachire. Koma mutu wa injini upite ku Chipata akaupale, ndipo giyabokosi itsegulidwe."

"Nanga tikafuna ina?"

"Ina tidzayambanso kufufuza matenda ake. Iyi tawadziwa onse."

Anaganiza, kenako anati, "Ndiigula. Koma pa mtengo wa galimoto yodwala, ndipo amalume akaonetse maso kuchipatala. Apo ayi, ayi."

Amalume anavomera zonse ziwiri. Chovuta kwa iwo chinali kuuza azakhali, koma azakhali anangoti ankadziwa kalekale, chiyambire tsiku lomwe amalume anathira mchere mu tiyi n'kumwa osadandaula.

Ntchito inatitengera Maloweruka anayi, pansi pa msikidzi womwe uja. Mutu wa injini unali wopindika pang'ono chifukwa chotenthedwa, koma unalibe mng'alu. Oyilo wa mu giyabokosi ankanyezimira ndi tizitsulo tonyenyeka, ndipo mano a giya yachitatu anali atatha ngati a mbuzi yokalamba. Zitsulo zina ndinazipeza pa galimoto yakufa yomwe inagona kuseri kwa galaja yathu, abwana atandilola. Amalume anakhala pa mpando pambali panga masiku onsewo. Masipanala amawadziwa ndi zala. Ndikati seventini, amapapasa m'bokosi n'kundipatsa yomweyo, osaphonya. Anandisimbira zambiri za ubwana wanu zomwe inu simunatiuze, monga zoti munathamangitsapo fisi ndi chikuni atagwira mbuzi ya agogo. Amayi, zoona zimenezi?

Tsiku loiliza, m'mawa kukuzizira, inalira kamodzi kokha. Utsi unatuluka pang'ono n'kutha. Mu rediyeta madzi anangoti zii. Tinapita pa mtsetse uja, ndinachotsa phazi pa moto, ndodo osasuntha. Dzanja la amalume linanyamuka lokha kupita pa giya, ndipo Esinati analimenya pang'ono. "Amalume, isiyeni, yakula tsopano." Tinaseka mpaka ndinaima pambali.

Esinati waphunzira kuyendetsa, ndipo chiphaso anatenga. Amayendetsa atawongoka khosi ngati ali mu tchalitchi. M'mawa uliwonse asanailize amatsegula boneti, amaona madzi, amatembenuza chotsekera chija, amasuzumira pansi. Masamba ake akufika ku maloji mame asanaume, ndipo loji yachinayi yamuitana. Tsiku lina anakumana ndi njovu yaikazi ili ndi mwana pamsewu wopita kuchipata cha paki. Inatambasula makutu. Akuti anabwerera chammbuyo mtunda wautali osagwera m'ngalande, n'kudikira mpaka zitadutsa. Tomato sanaphwanyike ndi mmodzi yemwe. Anthu a kuno ayamba kundiitana akafuna kugula galimoto. Wina ndinamuletsa minibasi yonyezimira ya ku Lusaka yomwe inkafuka utsi wabuluu, anandikwiyira, koma pano amandipatsa moni ali patali.

Lamlungu lililonse Esinati akapita kwa Jumbe amawatenga amalume ndi azakhali kupita nawo kutchalitchi. Amalume amakhala kutsogolo, chigongono pawindo, akupereka moni kwa aliyense, ngakhale amene sakuwaona. Kuchipatala anatiuza kuti ndi ng'ala, ndipo imachotsedwa. Atipatsa tsiku mwezi wamawa ku Chipata. Amalume akuopa, Amayi. Amafunsa ngati diso amalitulutsa kaye n'kulibwezera. Koma dzana anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti, "Mphwanga, maso akachira usamuuze Esinati kuti ndingathe kuyendetsanso. Ndazolowera kunyamulidwa ngati bwana."

Musadere nkhawa za alongo anu. Ndikulonjeza kuti tsiku limenelo ndidzapita nawo ndekha, ndidzakhala pakhomo mpaka atatuluka, ndipo ndidzawagwira dzanja potsika masitepe. Tonse kuno timakukondani ndipo timakusowani, makamaka nthawi ino yokolola. Mupereke moni kwa atate.

Ndine mwana wanu,
Lameki