Mng'alu Pansi pa Boneti

Numata,
14 Okutobala 2018

Okondedwa Chizuru, mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino ku Sapporo kumeneko pamodzi ndi amuna ako. Kuno kwayamba kuzizira, maapozi apsa, ndipo amayi ako akuti bokosi lako likubwera, usamangodya zamusitolo.

Mawu ako a pafoni ndinawamva. Ukuti ndichotse dampa m'galimoto yathu yofiira ija, poti unamva kuti imang'amba thupi la galimoto. Ndinakukalipira, ndiye ndati ndilembe, chifukwa pafoni iwe umalankhula ngati wapolisi, ine ngati chidakwa.

Paja injini ija tinaiwonjezera mphamvu mpaka inkadumpha pansi pa boneti ngati galu womangidwa, giya n'kumakana kulowa pokhota. Dampayo ndi kamkono kachitsulo kogwira injini paphewa, kuimangirira kuthupi la galimoto. Chiiikire, giya imalowa ngati mpeni m'tofu, chakudya chofewa cha soya chija. Kuipa kwake n'kwakuti kugwedezeka konse kumene injini yaletsedwa kumathawira kwa woyendetsa. Chiwongolero kunjenjemera, galasi kunjenjemera, mpaka mano oikirira a amayi ako. Ena amadana nazo. Ine ndimazikonda, ndipo chifukwa chake ndikuuza, dekha.

Lolemba ndinapita nayo kugalaja kwa Gonda, mnzanga uja ankakubisira maswiti m'bokosi la masipanala. Anaunika ndi tochi pamene dampa inamangidwa, n'kuimba kamluzu.

"Tokuji, mdala iwe, taona apa."

"Ndi litsiro limenelo."

"Litsiro lolowa chikhadabo? Mng'alu uwu. Ndingawotcherere, koma chitsulochi ching'ambikanso pambali pake. Tsiku lina chidzakulekerera uli pakona kuphiri."

"Nanga anyamata onse umawaikira aja, zawo sizing'ambika bwanji?"

"Zinanso zimang'ambika. Koma yako ndi nkhalamba ngati mwini wake, chitsulo chinatopa. Tichotse, tiike mphira zatsopano pansi pa injini, iziyenda mosalala."

Mosalala. Ndinabwerera kunyumba.

Chizuru, manja anga anayamba kunjenjemera chaka chatha. Kapu ya tiyi ndimaigwira ndi manja awiri ngati mlendo waulemu. Timitengo todyera ndinasiya, n'kumati supuni imafulumira. Koma ndikakhala m'galimoto muja, zonse zikunjenjemera, manja anga amasowa m'gulu. Anzanga kubwalo la mpikisano wa magalimoto akasuzumira pawindo amati, "Dampa yanuyi ndi yaukali, madala," ine n'kumati eetu, yaukali zedi. Ndi malo okhawo amene ndinatsala munthu wabwinobwino. Ndiye iwe n'kumati chotsani.

Nditafika ndinawauza amayi ako za mng'aluwo, ndikuyembekeza kuti andiikira kumbuyo. Iwo anapitiriza kusenda apozi.

"Bambo a Chizuru, mumayesa tiyi ndimakuthirirani theka la kapu chifukwa chiyani?"

"Ndinkayesa mwayamba kuumira."

"Kuumira ndinayamba tsiku limene ndinakwatiwa ndi munthu wodyetsa galimoto asanadyetse mkazi. Chotsani chitsulocho. Mwamuna wa manja onjenjemera ndingathe kumudyetsa. Wogwera kuphompho sindingamudyetse."

Zoti anadziwa liti sindinafunse. Ndinangodya apozi amene anandipatsa, wodulidwa kale tizidutswa.

Lachitatu Gonda anaichotsa. Mabawuti anamasula yekha, ine ndinangomugwirira tochi, kuwala kukuvina galaja yonse, padenga, pankhope pake, paliponse kupatula pabawuti. Munthu wamwano uja anangosuntha mutu wake kutsatira kuwalako. Atamaliza anandipatsa dampayo atayikulunga m'nsanza, ndipo pano ili pashelefu pafupi ndi chithunzi chako cha kusukulu. Zakuchipatala usavutike kundiuza, amayi ako apangana kale ndi adokotala.

Tsopano pempho langa. Mwezi wamawa kuli tsiku lathu lomaliza kubwalo chisanu chisanatseke misewu, ndipo galimotoyo ndinailembetsa kale. Ubwere udzaiyendetse ndiwe. Unaphunzirira momwemo, utakhalira pilo kuti uone kutsogolo, ndiye ikudziwa. Ine ndidzakhala pambali pako, manja nditawapinda, ndipo ndikulonjeza kuti sindidzakuuza posinthira giya. Amayi ako akuwerenga kumbuyo kwangaku, akuti limenelo ndi bodza.

Undiperekere moni kwa amuna ako, uwauze adzatenge jekete yolemera. Zilembo zokhotakhotazi usade nazo nkhawa. Ndikanati ndi tebulo, koma tebuloli lilibe dampa.

Ndine atate ako okukonda,
Tokuji