Malikhweru Kuseri kwa Mpanda

17 Seputembala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndilipo, kungoti thupi lonse likuphwanya, ndipo phewa lija layambiranso moti ndimagonera mbali imodzi. Pafoni mawu amandithawa, mukudziwa, komanso abambo amakhala ali pomwepo, chifukwa chipinda chimene tikukhala kuno n'chimodzi, pakati tinangotchinga ndi nsalu. Ndiye ndati ndilembe. Musaseke zilembo zanga. Amene anandichotsa pasukulu kuti ndizimenya mpira mukuwadziwa.

Mwina munamva kuti pa mpikisano wa tenesi wa sabata yatha ndinafika mpaka masewera omaliza. Zimene simunamve ndi izi.

Tsiku loyamba abambo anakangana ndi woimbira. Mpira wanga unagwa pamzere, iye akuti watuluka. Abambo anaimirira n'kukuwa kuti, “Bambo inu, maso mwasiya kunyumba?” Anthu anaseka, koma botolo la madzi litatera pafupi ndi mpando wa woimbirayo, kuseka kunatha. Anawalanda chiphaso cholowera, n'kuwauza kuti asapondenso m'kati mpaka mpikisano utatha.

Inu mukudziwa mmene timasewerera pabanja pathu. Chiyambire ndili kamwana sindinamenyepo mpira wa nzeru zanga. Ndisanamenye ndimayamba ndayang'ana pamene akhala. Akagwira chipewa, ndimenyere kumanzere. Akakanda khutu, ndithamangire ku neti. Inunso munakulira momwemo, mpaka tsiku lija munasiya raketi pabenchi n'kupita kukaphunzira zowotcherera. Ndiye madzulo a tsiku la mkanganolo abambo anandiuza kuti, “Usadandaule iwe. Atseka geti, koma pakamwa panga sanatseke. Ndikaima kuseri kwa mpanda. Likhweru limodzi ndi chipewa, awiri ndi khutu.”

Ndinawafunsa kuti akadziwa bwanji zochitika m'bwalo, popeza mpandawo anaukuta ndi lona.

“Mpira wa mwana wanga ndimaudziwa kulira kwake,” anatero. “Ndinauphunzitsa ndine.”

M'mawa mwake anandiperekeza mpaka pageti, iwo n'kuzungulira kukaima kuseri kwa bwalo limene ndinayenera kusewerapo. Koma atsikana amene anali patsogolo pathu anachedwa kumaliza, ndiye akuluakulu anatisamutsira bwalo lina kumapeto kwenikweni, kuseri kwa nyumba yosinthira zovala. Ndikanatha kutuma munthu kuti akawauze abambo. Ndinaganiza zimenezo, achimwene, koma miyendo inangopitirira.

Chigawo choyamba cha masewerawo ndinaluza mochititsa manyazi. Ndinkangocheukira kumipando, kumene kunali mayi mmodzi yekha ataphimba mwana ndi ambulera. Makutu ndinatchera, koma ndinkangomva injini ya magetsi. Kenako, posowa wondiuza chochita, ndinamenya kampira kofewa kaja kongogwera kuseri kwa neti, kamene abambo amati n'ka anthu aulesi. Mtsikana amene ndinkasewera naye, wamtali ngati mzati, anathamanga mpaka kukumbatira neti. Ndinaseka, achimwene. Ine, kuseka m'bwalo. Ndinakamenyanso, n'kumenyanso mipira ina imene sindinkadziwa kuti ili m'dzanja langa, mpaka ndinapambana.

Nditatuluka ndinawapeza abambo pageti, milomo itauma gwa, buluku lili matope chifukwa anaima mu ngalande nthawi yonseyo. Mlonda anali atawauza kale kuti ndapambana. Anandigwira mapewa onse awiri, ngakhale lopwetekalo.

“Wamva? Pakati paja ndinaliza awiri, ndipo ndinamva nsapato zako zikupita ku neti. Ndinati ameneyo ndi wanga!”

“Ndinamva, bambo.”

Mlonda uja anatsegula pakamwa. “Koma madala, bwalo limene munaimalo...” Ndinamuyang'ana, ndipo kaya anaona chiyani pankhope panga, anameza mawuwo. Anangoti, “Likhweru lanu ndi lamphamvu, madala. Agalu onse a mumsewu uno anasonkhana.” Abambo anaseka mpaka kutsokomola. Ndinali ndisanawaone akuseka choncho chimwalirireni amayi.

Masiku otsatira ankaima pamalo oyenera, ndipo malikhweru ndinkawamva bwinobwino. Kungoti sindinkawatsata. Akaliza awiri ine ndili kumbuyo phee, akaliza limodzi ine ndamenyera kumanja. Iwo sakuona, ndiye madzulo ankandifotokozera mmene tasewerera, ine n'kumangovomera. Masewera omaliza ndinaluza, ndipo akuti ndi mphepo imene inkauluza malikhweru awo. Bodza limatopetsa kuposa kuthamanga.

Tsiku lomwelo, m'nyumba yosinthira zovala, anandipeza mayi wina amene amaphunzitsa atsikana angapo. Onse amangowatchula kuti Akochi. Anakhala pabenchi n'kumandiyang'ana ndikulimbana ndi malaya, dzanja likukana kukwera.

“Phewa limenelo linaonedwapo ndi dokotala?”

Ndinapukusa mutu. Abambo amangolithowa ndi madzi otentha.

“Mwana iwe, manja uli nawo, koma khosi lako latopa ndi kucheukacheuka. Bwera kwa ine. Uyambe wapuma, phewa lipole. Koma bambo ako atsale. Ine sindiphunzitsa anthu awiri pa raketi imodzi.”

Ndinangoyang'ana nsapato zanga.

“Kodi umayankhula?”

“Pang'ono,” ndinatero.

Achimwene, musaganize kuti ndaiwala. Ndi abambo amene anasiya ntchito yawo yoyendetsa basi kuti aziyenda nane. Ndi iwo amene amamanga matuza a m'manja mwanga, amachapa masokosi anga ndikagona osadya, amayenda wapansi kuti ine ndikwere. Ndikaluza sandiyankhula mpaka m'mawa, koma ndikadzuka ndimapeza nsapato zanga atazipukuta. Alibe anzawo, alibe kwina kopita. Ali ndi ine ndi chikwama cha maraketi basi. Koma ndatopa. Ndikaona mpira m'mawa ndimangofuna kubwerera kukagona, ndipo masiku aja a kuseri kwa lona ndi okhawo amene sindinamve choncho.

Ndazungulira mokwanira, ndinene. Dzulo ndinawavomera Akochi. Ndiyamba kumayambiriro kwa mwezi wamawa. Abambo sakudziwa. Pamene ndikulemba pano ali panja akukulunga zogwirira za maraketi anga, akuti mpikisano wotsatirawu chikho n'chathu.

Pempho langa ndi lakuti mubwere mwezi uno usanathe, mudzawatenge. Ndikudziwa kuti chichokereni inu simunakhalepo nawo pansi, ndipo dzina lanu salitchula, amangoti “uja wa zitsulo”. Komabe ndinu mwana wawo. Kuwauza ndiwauza ndekha, sindikukusenzetsani zimenezo. Ndikungofuna kuti muime pakhomo pamene ndikuyankhula, chifukwa akakuwa ndipirira, koma akangokhala chete n'kuyang'ana pansi, ndikudzidziwa, ndibweza mawu anga onse n'kunyamula chikwama.

Mukadzafika musadzakumbe zakale. Mudzawauze kuti kuntchito kwanu mukusowa munthu wamkulu woyang'anira, ngakhale zisali zoona kwenikweni. Munthu amene wakhala akulamula moyo wake wonse sangakhale pakhonde manja ali lende. Za bwalo lolakwika lija zithere m'kalata muno. Tsiku limenelo ndi lawo, asalandidwe.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwapemphe kuti akonze kachipinda kakumbuyo kaja. Muwauze kuti abambo mchere sakudya wambiri masiku ano, ndipo mankhwala a kuthamanga kwa magazi samwa pokhapokha wina awaikire m'manja. Moni kwa ana onse, makamaka kamtsikana kanu kaja, ndamva kuti kamathamanga kwambiri. Kakamasewera panja musawaletse agogo ake kuonerera, koma mpando wawo muziuika patali pang'ono.

Ndine mlongo wanu,
Kachete