Nyimbo Imene Sindinaizindikire

Lachinayi. Tsiku lolemetsa mtima.

Ine ndine Gidiyoni Yotamu Kachingwe, wa zaka 76, mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito, wa kwa Kanduku.

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuikira kumbuyo gulu loimba limene ndinalikonda ndili mnyamata, pamene anzanga a Zuze amati linafa litasiya magitala n'kuyamba kuimbira makina. Lero ku boma a Zuzewo anandiyatsira nyimbo pa foni.

"Nanga iyi, aphunzitsi?"

"Phokoso la ana osalangizidwa," ndinatero.

"Ndi gulu lanu lija. Yangotuluka kumene."

Sanandiseke, ndipo chimenecho ndicho chandipweteka koposa.

Choncho ndikugawa katundu wanga womvera nyimbo. Makaseti akale apite kwa a Zuze, popeza ananena zoona. Wailesi ipite kwa mwana wanga Esinati. Chimbale chatsopano cha gululo, chimene ndinachigula n'kuchitamanda ndisanachimve, sindikudziwa amene ndingamulakwire nacho...