Dzanja la Malemu a Reino

Chassell, Michigan
Mwezi wa Febuluwale

Alamu anga okondedwa a Verna,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino ku Alaska kumeneko, inu pamodzi ndi amuna anu a Duane. Nanga chiuno chija chikulola tsopano? Mwana wathu Heidi anandiuza kuti munayamba kuyenda popanda ndodo, ndipo ndinathokoza Mulungu.

Kuno tilipo. Chipale chofewa chafika m'mawindo a kukhitchini. Amuna anga a Arvo, alongo anu, chipumireni pa ntchito yawo yokankha chipale m'misewu, amaima pazenera n'kumanyoza anyamata amene anawalowa m'malo, ati akukankha ngati akuopa kudzutsa msewu.

Ndikanakuimbirani foni, koma makutu anu ndikuwadziwa, ndipo nkhani imene ndili nayo si yokuwa.

Mwina mwamva kale kuti tikupita kunja. Inde, ife tomwe, anthu oti ngakhale ku Canada, tsidya la nyanja pompa, sitinapondeko. Mwana wathu Heidi ndiye anatikakamiza, ati tikaone dziko miyendo isanatikane. Mapasipoti anafika. Pa chithunzi chawo alongo anu akuoneka ngati munthu amene wagwidwa akupha gwape nthawi yoletsedwa, ndipo ndikafuna kuwaputa ndimangowaonetsa.

Kusankha kopita ndiye kunali nkhondo. Ine ndimafuna ku Ireland, kwawo kwa agogo anga. Iwo anati sangakwere ndege kukafuna mvula. Nditatchula ku Finland, kwawo kwa makolo anu, anati kuzizira tili nako kale pakhomo, kokwanira kugawirako ena. Tinadya Khirisimasi tikukangana. Chaka chatsopano chitalowa m'pamene Heidi anatchula Portugal, ati kuli dzuwa ndi nsomba, ndipo kwa nthawi yoyamba tonse tinagwedeza mutu.

Masiku amenewo anali okoma, alamu. Chitseko cha firiji chinadzaza ndi zithunzi. Ine ndinamata kasitima kachikasu kokwera phiri pakati pa nyumba, ndi nyumba yachifumu ya mitundumitundu yokhala m'nkhungu. A Arvo anamata katchalitchi kena komwe makoma ake anamanga ndi mafupa a anthu, ati akasankhako mawondo atsopano poti awowa anatha. Tinkaseka ngati ana.

Kenako Heidi anatiphunzitsa kuonera makanema aja a munthu amene amangoyenda m'misewu ndi kamera, osayankhula. Umangomva mapazi ake, agalu, ndi mabelu a tchalitchi. Tikadya nkhomaliro tinkakhala ndi khofi wathu n'kumayenda ku Portugal tili pampando.

Masana ena kanema wathu atatha, panayamba wina amene sitinamusankhe. Kanali katawuni ka asodzi kumpoto kwa Lisbon, komwe sitinakaganizepo n'komwe. Kamsewu kopapatiza kankatsetserekera kunyanja, zovala zili pa zingwe, nsomba zili pa thandala. Anthu ankangodutsa osalabada kamera. Koma pafupi ndi khomo lina lobiriwira panali benchi, ndipo pa benchipo panakhala bambo wokalamba. Kamera itayandikira, anadzutsa mutu n'kuyang'ana mwa ife ndithu. Anakweza dzanja lamanzere, osati kubayibitsa, kungolikweza basi. Dzanjalo linalibe zala ziwiri zakumapeto.

A Arvo anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Awo ndi achimwene anga a Reino," anatero.

Ndinaseka. Ndinawauza kuti asodzi oduka zala ali ponseponse, ngakhale kuno ku doko tikhoza kuwerenga mpaka kutopa. Anabweza kanemayo m'mbuyo n'kumuimitsa.

Alamu, ndinayang'ana. Phewa lakumanja lija lotsika. Kupendeketsa mutu kuja, ngati munthu womvera ndi khutu limodzi. Zala zomwe zija zimene macheka anadula ku fakitale ya matabwa. Akanakhala mnyamata uja tinamulira, ndikanati maso achisoni amaona zimene akufuna. Koma uyu ndi wa imvi, masaya akugwa. Wakalamba limodzi ndi ife.

Mundikhululukire kuti ndikutsegula chilonda. Inu mukukumbukira bwino kuposa ine mmene a Reino anapitira kunyanja m'mwezi wa Novembala uja, Heidi ali wakhanda. Bwato linapezeka lopanda munthu. Madzi anauma ndi kuzizira, tinadikira dzinja lonse la chipale, ndipo atasungunuka m'pamene thupi linapezeka pa miyala. Amene munapita kukaliona ndi inu ndi apongozi anga, bambo anu. Bokosi linabwera lotseka. Bambo anu anamwalira osanenapo kanthu za tsiku limenelo, ndipo inu chaka chomwecho munasamukira ku Alaska.

Kuchokera masana amenewo alongo anu asintha. Sakwiya, sadwala, akudya bwinobwino. Kungoti nthabwala zinatha. Galimoto yokankha chipale ikamadutsa sadzukanso kukainyoza. M'mawa wina ndinapeza chitseko cha firiji chili mbee. Zithunzi zonse anazichotsa n'kuzisanja bwino mu dilowa ya masupuni, changa cha kasitima chili pamwamba. Anandiuza mofatsa kuti zinazo tidzaona ulendo wina, ulendo uno ndi wa katawuni kaja basi.

Kanemayo amamuonera tsiku ndi tsiku. Lachinayi lapitali ndikuchokera kokagula zinthu ndinalowa mwakachetechete, n'kuwapeza atakhala pampando wawo, dzuwa likuwala pa chipale panja, iwo atakweza dzanja lamanzere kuyankha.

Mtima unandipweteka, ndiye ndinawayankhula mokalipa. Ndinawafunsa kuti ngati alidi a Reino, n'chifukwa chiyani sanalembepo kalata zaka zonsezi, n'kulola mayi awo kupita kumanda akulira mwana wamoyo. Ndinati a Reino amene ndimawadziwa ine sakanachita nkhanza yotere.

Anandiyang'ana ngati ndine mwana wosamva.

"Iwe Lorraine, sindinanene kuti ali moyo. Ndati ndi achimwene."

Ndinalowa kukhitchini n'kuyamba kusenda mbatata zimene sitinkafuna n'komwe.

Heidi akuti ndi kufanana chabe, anthu padziko ndi ambiri. Akuti bambo ake akangomuona munthuyo maso ndi maso, akamva akuyankhula Chipwitikizi, mtima ukakhala pansi ndipo tikapitiriza ulendo wathu. Adokotala nawo anapima mtima wawo uja n'kunena kuti akhoza kukwera ndege. Mwanayu pofuna kutithandiza anafufuza, n'kupeza kuti nyumba ya khomo lobiriwira ija ndi yogona alendo. Mwini wake ndi mayi wina dzina lake Filomena, amene anagwirapo ntchito ku New Jersey, choncho Chingelezi amachidziwa. Heidi ananditumizira nambala, bambo ake osadziwa.

Dzulo m'mawa a Arvo atapita kukametetsa, ndinaimba.

Anali mayi wansangala, woyankhula mothamanga. Anandifunsa za chipale chathu, n'kundiuza kuti iye anathawa ku America chifukwa cha chomwecho. Kumbuyo kwa mawu ake ndinkamva nyanja ikuwomba. Alamu, ine ndakulira pamphepete pa madzi, ndipo anthu amati nyanja yamchere ili ndi kaliridwe kake. Koma imene ndinkamva pa foniyo inkalira ngati yathuyi mu Novembala.

Ndinalimba mtima n'kumufunsa za bambo wokhala pa benchi. Anayankha mosavuta kuti ameneyo ndi Mmerika, ndipo onse amangomutchula choncho. Pamene iye ankabwerera kwawo anamupeza ali kale pamenepo. Komwe amagona sakudziwa. Savuta munthu, sayankhulayankhula, akamupatsa khofi amathokoza koma amamusiya mpaka kuzizira. Anawonjeza akuseka kuti ndi munthu yekhayo m'tawunimo amene satsikira kunyanja, ndipo amakhala atafulatira madzi.

Ndinafunsa ngati ali ndi chipinda pambuyo pa Pasaka, n'kutchula dzina lathu. Anati chipinda chilipo kale. Ati Khirisimasi isanafike, Mmerikayo anamupempha kuti asunge chipinda chapansi, chifukwa mng'ono wake adzabwera chipale chikasungunuka kwawo, ndipo mawondo ake sangathe kukwera masitepe.

Alamu, Khirisimasi isanafike ife tinali tikukanganirana Ireland ndi Finland. Dzina la Portugal linali lisanatuluke m'kamwa mwa munthu m'nyumba muno. Ndipo mawondo a alongo anu anayamba kuvuta posachedwapa, a Reino atagona m'manda zaka zambirimbiri.

Ndinamufunsa Filomena ngati bamboyo ananena kuti mng'ono wakeyo adzabwera ndi mkazi wake.

"Ayi mayi," anatero, mawu ake atatsika. "Anapempha chipinda cha munthu mmodzi."

Sindikudziwa kumene ndinatenga mphamvu. Ndinamuuza kuti aikemo bedi lachiwiri. Anati chipindacho n'chaching'ono, bedi lina silingalowe. Ndinati ndiye andiyalire pansi, pakhomo penipeni, chifukwa ine ndikubwera ndipo kumene amuna anga agone ndi kumene ndigone. Anavomera, ndipo asanatseke foni anati akandiyatsira kandulo kutchalitchi. Sindinamupemphe zimenezo.

A Arvo anabwera atameta bwino, akununkhira mafuta a kometetsa. Anakutumula chipale ku nsapato, anapachika jekete, n'kundiyang'ana. Ine ndinali ndisanatsegule pakamwa.

"Wasungitsa chipinda chapansi chija?" anafunsa.

Ndinangogwedeza mutu. Anandisisita paphewa mwachikondi, monga ankachitira tili achinyamata, n'kupita kukayatsa kanema wawo.

Ndaganizapo zobisa mapasipoti. Ndaganizapo zonama kuti ndadwala. Koma munthuyu ndakhala naye moyo wanga wonse, ndikumudziwa. Ndikamutsekereza adzapita yekha, ndipo yekhayo ndi zimene sindikufuna. Choncho tikupita. Ndayamba kale kuchapa zovala za nyengo yotentha zimene zinali m'bokosi.

Tsopano pempho langa ndi ili, alamu anga, ndipo ndikugwada polemba. Palibenso wina wamoyo amene analowa m'chipinda chosungiramo mitembo tsiku limene thupi linapezeka. Sindikukuimbani mlandu, ndipo chilichonse chimene munachita kapena kuvomera munali mtsikana woima pambali pa bambo ake osweka mtima. Ndingofuna kudziwa. Kodi nkhope munaiona? Ngati madzi anali ataiwononga, kodi dzanja lamanzere munaliona ndi maso anu, kapena munangoona jekete ndi nsapato?

Mukandiuza kuti simunaone, ndikwera ndege ndikudziwa kuti ndikukakumana ndi munthu wamoyo amene anatithawa. Ameneyo sindimuopa. Ndikamukalipira m'malo mwa mayi anu, kenako ndikamukumbatira, ndipo tikabwera naye kapena tikamusiya ndi mtendere.

Mukandiuza kuti munaona, ndikwerabe. Koma ndikadziwa kuti dzanja la alongo anu sindikalisiya, ngakhale popita kokasamba.

Chiuno chikalola, bwerani tipite limodzi. Inu amakumverani kuyambira ali ana, ndipo a Reino nawonso ankakuopani. Chikakana, ingolembani. Musachulutse mawu. Mulembe dzina langa lokha pa envulopu, ndipo mutumize kwa Heidi ku Green Bay, adzandibweretsera yekha.

Mundiperekere moni kwa a Duane, muwauze kuti nsomba zouma zimene anatitumizira zija zinatha tsiku lomwelo. Moni kwa mwana wanu Karin ndi amuna ake, ndi kwa tizidzukulu tonse. Mulungu akusungeni, akuchiritseni, ndipo akupatseni mtima woti mundiyankhe Pasaka isanafike. Mutikumbukire m'mapemphero anu, tonse awiri, potchula mayina.

Ndine mlamu wanu wokukondani,
Lorraine